Kopanda nsima tikakhuta? Mafunso a ku Livingstone pa chakudya cha ku Turkey

Tauni ya Livingstone imadyetsa dziko lonse. Alendo amatsika ndege pabwalo la Harry Mwaanga Nkumbula, ena amaoloka mlatho wa pamathithi a Mosi-oa-Tunya uja anaumaliza mu 1905, ena amalowera ku Kazungula, ndipo dzuwa likapendeka onsewa amafuna kudya. Owaphikira ndi ana athu omwe. Amakanda pizza, amatereka biriyani, amakazinga nyama ya ng'ona, kenako n'kuvula yunifolomu kubwerera ku Maramba, ku Dambwa kapena ku Libuyu kukadya nsima ya kapenta. Kuphika za eni timatha. Chimene chimatigwira njakata ndi kukhala pampando ife eni, kutsegula menyu n'kuitanitsa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzanga ndi abale akhala akundifunsa akaitanidwa kokadya chakudya cha ku Turkey.

Dziko la Turkey latiyandikira liti chonchi?

Si kale kwenikweni. Ofesi ya kazembe wa Turkey inatsegulidwa ku Lusaka mu 2011. Mu Julayi 2018 pulezidenti wa dzikolo, Recep Tayyip Erdoğan, anabwera ku Zambia, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ndege za Turkish Airlines zinayamba kutera ku Lusaka. Amayi ndi abambo ooda zovala anayamba kuutchula mzinda wa Istanbul ngati akutchula Nakonde, ndipo suti ikangoti ndi ya ku Turkey mtengo wake umakwera. Kumene kwapita malonda mphika umatsatira. Malo odyera a anthu a ku Turkey mumawapeza ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 470 kuchokera kuno, ndipo amene amapita ku Joni amadziwa za mzikiti waukulu wa Nizamiye ku Midrand, umene unatsegulidwa mu 2012, wokhala ndi malo odyera pambali pake. Kuno kwathu kebabu mumamuona pa menyu za malo ogona alendo, pamene shawarma yafika mpaka m'timashopu ta m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya.

Musadabwe mukaona dzina la dzikoli litalembedwa Türkiye. Boma lawo linapempha bungwe la United Nations mu 2022 kuti lizilembedwa motero. Mwa zina, anatopa ndi kumvekera limodzi ndi nkhukundembo m'Chingerezi, mbalame imene kwawo ndi ku Mexico, ndipo iwo eni amaitcha hindi, kuiponyera kwa Amwenye.

Shawarma timaidziwa kale. Ikusiyana pati ndi döner amatchulayo?

Ndi mwana ndi make. Döner ndi nyama yodulidwa mopyapyala, yosanjikizidwa pachitsulo choimirira chimene chimazungulira pafupi ndi moto, wophika n'kumasenga yakunja imene yapsa. Dzinali likuchokera ku liwu lawo lotanthauza kuzungulira. Kuimiritsa chitsulocho kunayamba m'zaka za m'ma 1800 mu ufumu wa Ottoman, ndipo mzinda wa Bursa ndiwo umatchuka nako. Aluya a ku Lebanon ndi Syria, amene nthawi imeneyo anali pansi pa ufumu womwewo, anatenga kaphikidweka pamodzi ndi liwu lina la Chiteki, çevirme, lotanthauza kutembenuza, ndipo pakamwa pawo linasanduka shawarma. Agiriki anatcha yawo gyros. Anthu a ku Lebanon amene anasamukira ku Mexico anakasiyako ina imene masiku ano amaiphika ndi nkhumba.

Kuika nyamayi m'buledi n'kumadya ukuyenda kunakulira ku Berlin kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, pakati pa anthu a ku Turkey amene anapita kukagwira ntchito ku Germany pangano la 1961 litasainidwa. Ulendo wa kutheba, tinene choncho, ngati wa agogo athu ku Wenela.

Kusiyana kumene mudzakumve pakamwa ndi uku: shawarma yathu timaimiza m'mayonezi ndi tomato sosi, n'kuponyamo tchipisi ndi kabichi. Döner ya eni ake siibisa nyama. Mumakhala anyezi, tomato, mwina tsabola wowawasa, basi. Munthu amene anazolowera ya kuno angaganize kuti amumana zina.

Tsono funso lenileni: kopanda nsima, munthu akhuta?

Akhuta, ndipo mwina atsala ndi za mkute. Chimene chili pamalo a nsima kwa iwo ndi buledi. Sabwera ngati chokometsera ayi, ndiye mwini tebulo. Amabwera wotentha, nthawi zina wofufuma ngati chibaluni moti ukamuboola amatulutsa nthunzi, ndipo ukamaliza amabweretsa wina. Ntchito yake ndi yomwe ija ya mbamu: kunyema, kutapira ndiwo, kupukutira msuzi. Ulemu umene timapereka ku ufa iwo amaupereka kwa buledi. Akuluakulu a kumeneko akaona chidutswa chagwa pansi amachitola n'kuchiika pamalo okwera kuti chisapondedwe, monga mmene agogo ankatikalipira tikataya nsima kudzala.

Pambali pa buledi pali mpunga wophika ndi batala, ndiponso bulgur. Ameneyu ndi tirigu wowiritsa, woyanika, wokonola n'kuswa ngati mphale, ndipo amamuphika ndi tomato ndi anyezi. Amakhala m'mimba nthawi yaitali kuposa mpunga. Amene ali ndi nkhawa ya njala ya usiku aitanitse ameneyu.

Koma chimene ndimafuna anthu amve ndi ichi. Chakudya cha ku Turkey n'chachilendo pa maina ndi pa ndondomeko yobweretsera mbale, osati pa zimene zili m'mbalemo. Nyemba zoyera zophika ndi tomato, zimene amati kuru fasulye, ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku cha anthu wamba, ndipo amadyera mpunga monga timachitira kusukulu zogonera konko. Therere lobala amalitcha bamya, amaliphika lathunthu ndi mandimu kuti lisatelere, chinthu chimene kwa ife chili ngati kulanda therere ntchito yake. Mabiringanya, achibale a impwa zathu, amawaphika m'njira zosawerengeka. Chifu cha ng'ombe amaphika supu yotchedwa işkembe, imene anthu amamwa m'bandakucha akachoka kumowa. Mutu ndi ziboda, mang'ina athu aja amene kuno timati vimbombo, ndi kelle paça. Matumbo a nkhosa opiringiza pachitsulo n'kuwotcha pamakala ndi kokoreç, ndipo aliyense amene anadyapo matumbo ambuzi opota pachiwaya awazindikira msanga.

Mukapita kumpoto kwa dzikolo, m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, kufanana kumafika poseketsa. Kumeneko amalima chimanga, amadya buledi wa ufa wachimanga, amathyola masamba onga repu otchedwa karalahana, ndipo ndiwo yawo yapamtima ndi kansomba kakang'ono kotchedwa hamsi, kamene amakapaka ufa wachimanga n'kukazinga. Munthu wa ku Sinazongwe kapena wa ku Nkhotakota ataona mbale ya hamsi anganene kuti kapenta kapena usipa wangonenepako. Ali nacho ngakhale chakudya chovundula ndi mthiko, kuymak, cha ufa wachimanga, batala ndi tchizi. Chimanga chinawafika kuchokera ku America monga chinatifikira ife, ndipo iwo amachitcha mısır, dzina lomwe amatchulira dziko la Egypt.

Zambiri mwa izi simudzazipeza pa menyu za malo odyera a kunja kwa Turkey, chifukwa eni malo amaganiza kuti alendo amafuna kebabu yekha. Mufunseni wophika ngati ali ndi nyemba kapena supu ya tsikulo. Kawirikawiri mphika umene amadya iye mwini ndi antchito ake ndi umene uli wokoma.

Maina a pa menyu amandimanga lilime. Ndiwerenge bwanji?

Mwayi wake ndi woti kuyambira 1928, pa ulamuliro wa Mustafa Kemal Atatürk, Chiteki chimalembedwa ndi zilembo zomwe timagwiritsa ntchito ifezi, ndipo chimawerengedwa monga chalembedwera, ngati Chinyanja. Zosokoneza n'zochepa. Chilembo c chimamveka j, choncho lahmacun ndi lahmajun. Chikakhala ndi kamchira, ç, ndi ch: çay ndi chai, çorba ndi chorba, kutanthauza supu. Nacho ş ndi sh, moti şiş ndi shish. Chilembo ğ sichitchulidwa, chimangokoka liwu limene lili m'mbuyo mwake. Mukalephera, lozani ndi chala. Kwawoko malo odyera a anthu apantchito, esnaf lokantası, amayendera kuloza komweko: miphika ili poyera, iwe n'kunena kuti ndipatseni ichi ndi icho, monga timachitira kwa amayi ophika mumsika wa Maramba.

Timbale tambirimbiri timene amayamba kubweretsa, n'taulere kapena ndi msampha?

Timbale timeneti ndi meze, zotsegulira pakamwa. Mumapezamo ezme, tomato ndi tsabola zodulidwa nyenyenye. Haydari, yogati wolimba wothira adyo. Cacık, yogati wa nkhaka. Humus wa tchana ndi chitowe. Ndi mabiringanya ootcha osinja. Zonsezi n'zodyera buledi, ndipo n'zapakati, aliyense amatapa.

Pa za ulere, pali mitundu iwiri. Kwawo kuli mwambo wa ikram, kupatsa mlendo kanthu kosalipiritsa, mbasela yathu ija koma yobwera poyamba m'malo mwa pomaliza. Kambale ka saladi, ezme, buledi ndi tiyi womaliza nthawi zambiri zimagwera pamenepa, makamaka m'malo ootcha kebabu a anthu a kummwera kwa dzikolo. Koma woperekera zakudya akabwera ndi thireyi yaikulu n'kuima pambali panu kuti musankhe, chilichonse mwalozacho chikalowa pa bilu. Safunsa anadya phula. Palibe manyazi kufunsa kuti, "Izi ndi za nyumba kapena ndi zolipira?"

Ngozi ina ndi yodziputira. Ine ulendo woyamba ndinalimbana ndi buledi ndi timbale timeneti ngati ndicho chakudya chonse, ndipo pamene nyama inafika ndinangoiyang'ana ngati mlamu. Dyani meze modekha. Ngati kwazizira, monga mmene Juni amachitira kuno usiku, yambani ndi mercimek çorbası, supu ya mphodza zofiira yofinyira ndimu, mphodza zomwe zija zinamulanditsa Esau ukulu.

Kebabu alipo wamitundumitundu. Woyamba kulawa asankhe uti?

Wokonda kanyenya kapena michopo ayambe ndi şiş, nthuli za nyama zotungidwa pachitsulo, monga anyamata amatungira pa sipoko ya njinga. Ya nkhuku amati tavuk şiş. Apa palibe chodabwitsa chilichonse, ndipo ana amadya osadandaula.

Wofuna kumva dzanja la wophika aitanitse Adana. Ameneyu ndi nyama ya nkhosa yosadula pamakina koma yokhapa ndi chimpeni chachikulu chopindika chotchedwa zırh, yosakaniza ndi mafuta a kumchira kwa nkhosa, mchere ndi tsabola wofiira, n'kuimata ndi dzanja pachitsulo chophwatalala. Luso lake lili poti isagwere pamakala ndiponso isaume. Wophika amatenga buledi n'kumapsinja nyamayo ili pamoto kuti mafuta alowe m'buledimo, ndipo buledi ameneyo, amene amakhala pansi pa nyama m'mbale, ndi amene odziwa amalimbirana. Urfa ndi mbale wake wopanda ukali wa tsabola. Maina onsewa ndi a mizinda: Adana ndi Şanlıurfa, kummwera kotentha. Za tsabola musaope kwambiri. Amene anakulira pa kambuzi adzaona kuti tsabola wa Adana ndi wongonunkhiritsa.

İskender ndiye wa tsiku la malipiro. Ndi döner yoyala pa tizidutswa ta buledi, yothira msuzi wa tomato, yogati pambali, ndipo pomaliza amabwera ndi batala wowira n'kumutsanulira pamwamba inu mukuona. Dzinali ndi la İskender Efendi wa ku Bursa, amene banja lake limati anayamba ntchitoyi mu 1867. Mukadya ameneyu masana a Okutobala, musapangane ndi munthu zoyenda wapansi kupita ku mathithi.

Thumba likakhala lopepuka, pali pide ndi lahmacun zophika mu uvuni. Pide amaumba ngati bwato la ku Zambezi n'kuikamo tchizi, nyama kapena dzira. Lahmacun ndi chimkate chopyapyala chopaka nyama yogaya, chimene umafinyirapo ndimu, kuikapo masamba, kupinda ngati mphasa n'kuluma. Musachitche pizza pamaso pa mwini malo.

Ine nyama ya nkhosa imandinunkhira. Nditani?

Simuli nokha. Ife tinakulira pa mbuzi, ng'ombe ndi nkhuku ya kumudzi, ndipo nkhosa, ngakhale za mchira wamafuta zimene zimawetedwa m'midzi ina ya Chigawo cha Kummwera, sizifika pamphika kawirikawiri. Nenani poyera. Liwu loti kuzu ndi mwanawankhosa, dana ndi ng'ombe, tavuk ndi nkhuku, balık ndi nsomba. Kuno ku Zambia ophika ambiri amagwiritsa kale ntchito ng'ombe kapena kusakaniza, popeza ndiyo imapezeka mosavuta, ndipo ng'ombe ya Atonga sichititsa manyazi pamakala a wina aliyense. Komabe lawaniko kamodzi nthuli ya nkhosa pamodzi ndi anyezi wofiira wowaza sumak, ufa wofiirira wowawasa ngati bwemba kapena chidede. Anyezi ameneyo anamuikirapo dala kuti adule mafuta.

Nanga ife a Sabata, ndi anzathu Asilamu, tingadye momasuka?

Nkhumba mulibe m'miphika ya ku Turkey, pakuti anthu ambiri a dzikolo ndi Asilamu. Soseji yawo, sucuk, ndi ya ng'ombe. Kwa a Seventh-day Adventist, amene ndi ochuluka m'chigawo chino chiyambire mishoni ya Rusangu pafupi ndi Monze, imeneyi ndi nkhani yabwino, ndipo amene sadya nyama konse adzapeza kuti meze, nyemba, mphodza ndi mabiringanya zikukwana phwando. Msilamu wosamala za kazingidwe ka nyama afunse kumene amagula, chifukwa dzina la Chiteki pakhomo si chikalata cha halaal.

Za mowa zimatengera mwini malo. Ena sagulitsa n'komwe, ndipo si ulemu kutulutsa botolo lanu m'chikwama. Ena ali ndi rakı, kachasu wa mphesa wonunkhira anise, amene ukathira madzi amayera ngati mkaka, n'chifukwa chake amamutcha mkaka wa mkango. Ukali wake umafika 40 peresenti kapena kuposa. Amamwa pang'onopang'ono ndi meze, kucheza kuli mkati. Womwa ngati mowa wa Mosi wozizira sadzakumbukira kebabu.

Chakumwa choyera chija amati ayran n'chiyani?

Ndi yogati wosungunula ndi madzi ozizira, wothira mchere. Atonga ndi Alozi, eni mabisi, sayenera kuuzidwa zambiri, ndipo wa ku Malawi aganize za chambiko chopepuka. Chodabwitsa ndi mchere wokhawo, popeza ife mkaka wowawasa timauthira shuga kapena kudyera nsima. Kumwa koyamba nkhope imakwinyika. Kukatentha monga kumatenthera kuno mvula isanagwe, thukuta litakutha mchere m'thupi, pofika pakati pa tambula umayamba kumvetsa. Ndi nyama yamafuta ndi tsabola, ayran amaposa chakumwa chilichonse cha m'botolo. Liwu loti yogati lenilenilo linachokera ku Chiteki.

Ndingadye ndi manja?

Buledi, lahmacun, pide ndi kebabu wokulunga m'chimkate n'zamanja. Mpunga, bulgur ndi İskender n'za foloko ndi supuni. Beseni ndi jagi ya madzi sizizungulira patebulo monga kwathu, choncho kasambeni kumpopi musanakhale. Pomaliza ena amakuthirani m'manja kolonya, madzi onunkhira mandimu okhala ndi spiriti. Tambasulani zikhatho, pakani, musamwe.

Tiyi amabwera m'katambula kakang'ono, wopanda mkaka. Ndi kuumira?

Ayi, ndi mmene amamwera, ndipo amamwa kuposa mtundu wina uliwonse padziko mukawerengera munthu mmodzimmodzi. Tiyi wawo amalimidwa ku Rize, kumapiri a mvula yambiri a m'mbali mwa Black Sea, malo amene wa ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Kawambwa angawazindikire. Amaphika m'maketulo awiri osanjikiza, yapamwamba ya tiyi wokhathamira, yapansi ya madzi, n'kusakaniza malinga ndi kufuna kwa womwa. Katambulako n'kowonda m'chiuno, kopanda chogwirira, ndiye gwirani kukamwa kwake kuti musapse. Mkaka musapemphe. Akamangokuwonjezerani, goneketsani kasupuni pamwamba pa tambula, ndiye kuti mwati zikomo ndakwana.

Khofi ndi nkhani ina. Amamupera mpaka kukhala ngati ufa woyera, n'kumuwiritsa m'kapoto ka mkuwa kotchedwa cezve pamodzi ndi shuga, osasefa. Ndiye chifukwa chake amakufunsani za shuga asanaphike: sade ndi wopanda, orta ndi wapakati, şekerli ndi wotsekemera. Akafika musatakase, ndipo mukafika pamatope a pansi lekani. Ndinaonapo mkulu wina atagugudiza zonse chifukwa cha ulemu, n'kukhala chete mphindi zingapo akutafuna. Nyumba zomwera khofi zinayamba ku Istanbul m'zaka za m'ma 1550, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linaika khofi ameneyu pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa.

Mwambo umene umandisangalatsa ndi wa tsiku lofunsira mbeta. Akuchimuna akafika kwa makolo a mtsikana, iye ndi amene amaphika khofi wa alendo onse, koma m'kapu ya mnyamatayo amathiramo mchere m'malo mwa shuga. Mnyamata amayenera kumwa osakwinya nkhope, ankhoswe onse akumuyang'ana. Ife mkamwini timamulandira ndi mbale zambirimbiri pa chilanga mulilo, iwo amayamba ndi kumuyesa mtima.

Chifukwa chiyani kachidutswa ka baklava kakudula kuposa mbale ya nsima ya nkhuku?

Chifukwa pafupifupi chilichonse chili mmenemo chakwera ndege kapena sitima, ndipo ntchito yake ndi yowawa. Baklava ndi mapepala a mtanda wa tirigu opyapyala moti ungawerengere nyuzi kuseri kwake, osanjikiza makumi angapo, pakati pali mtedza wobiriwira wa pistachio, wothira batala, wophika mu uvuni n'kumizidwa m'manyuchi a shuga. Mzinda wotchuka naye ndi Gaziantep, ndipo mu 2013 baklava wa mzindawu anakhala chinthu choyamba cha ku Turkey kutetezedwa dzina ndi European Union. Pistachio salimidwa kuno. Sumak, bulgur, tsabola wawo wouma ndi tiyi wa ku Rize nazonso n'zoitanitsa, ndipo Kwacha ikagwa mtengo wa pa menyu umadzuka. Tizidutswa tiwiri ndi tiyi wopanda shuga n'zokwana. Wofuna kuposa apo akhale ndi madzi pafupi.

Mukaona künefe, ndipo muli awiri kapena atatu, itanitsani imodzi. Ndi timaulusi ta mtanda tokazinga, m'kati muli tchizi wosalawa mchere amene amatamuka ukamakoka, ndipo imadyedwa yotentha. Ku Turkey imatchuka ku Antakya m'chigawo cha Hatay, mzinda umene Baibulo limautcha Antiokeya, kumene ophunzira anayamba kutchedwa Akhristu. Antakya ndi Gaziantep ndi ena mwa malo amene chivomezi cha pa 6 Febuluwale 2023 chinawasakaza, chija chinapha anthu oposa 50,000 m'dzikolo. Wophika akakuuzani kuti kwawo ndi kumeneko, mupepeseni monga tichitira ndi wofedwa, musanayambe kuyamikira shuga.

Bilu ikafika, amalipira ndani?

Woitana. Apa ife ndi iwo ndi amodzi, kungoti iwo amachita kulimbirana, wina kugwira mnzake dzanja, wina kuzemba ngati akupita kokasamba m'manja n'kukalipira mwakabisira. Kugawana bilu aliyense zake amakutcha kulipira kwa Chijeremani, ndipo achikulire sakukonda. Mnzanu wa ku Turkey akakuitanani, yesani kamodzi kapena kawiri kutulutsa chikwama, akakana musiyeni, ulendo wina mudzamutengere kokadya bream ya mu Zambezi ndi nsima.

Mukapita panokha, werengani pansi pa menyu ngati mitengo yaphatikiza kale msonkho wa VAT wa 16 peresenti ndi 10 peresenti ya antchito imene mahotela ndi malo odyera ambiri kuno amaonjezera. M'tauni ya alendo ngati ino onetsetsaninso ngati manambalawo ali m'makwacha kapena m'madola musanaitanitse. Kuti ndalama ipite patali, anthu anayi atenge meze ziwiri kapena zitatu, pide imodzi ndi mbale imodzi yaikulu ya nyama zosakaniza, karışık ızgara, m'malo moti aliyense akhale ndi phiri lake.

Ndingadziwe bwanji kuti malo awa ndi enieni, osati dzina chabe?

Mphuno ikuuzani musanakhale pansi. Payenera kumveka makala ndi buledi amene akupsa. Buledi akabwera wozizira wa m'pepala la pulasitiki, zotsalazo musayembekezere zambiri. Onani ngati tiyi akuchokera m'maketulo awiri aja kapena ndi kathumba koviika m'kapu. Menyu imene ili ndi kebabu, sushi, pizza ndi chakudya cha ku China pa tsamba limodzi ikukuuzani kuti kukhitchini kulibe mwini.

Pa döner ndi shawarma yang'anani chitsulo. Nyama iyenera kuzungulira moto uli woyaka, ndipo wodula azisenga yakunja yokha imene yapsa, popeza yam'kati imakhala isanapse. Chitsulo chimene chaima, moto atazimitsa podikira makasitomala, m'kutentha kwa Livingstone, n'chothawa. Masiku a kuzimazima kwa magetsi, monga tinaonera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, funso loti mayonezi ndi nyama zagona kuti si lamwano. Pitani nthawi imene anthu ali pamzere, pamene nyama ikutha msanga.

Pali mawu amene ndinganene kuti mwini malo asangalale?

Akakulandirani kuti hoş geldiniz, takulandirani, yankho lake ndi hoş bulduk. Poika mbale adzati afiyet olsun, kukufunirani kuti chakudyacho chikukomereni ndi kukupatsani thanzi. Zikomo ndi teşekkürler, ndipo likakukanikani nenani sağ olun. Koma mawu amene amafika pamtima ndi opita kwa wophika: elinize sağlık, kutanthauza kuti manja anu akhale ndi moyo. Amanena kwa mayi kunyumba, kwa wootcha nyama, kwa aliyense amene wagwira ntchito ndi manja. Tchulani kuti elinize saaluk. Ngati amene watuluka kukhitchini atavala epuloni ndi mnyamata wa ku Dambwa amene anaphunzira kumata Adana pachitsulo, monga zimakhalira nthawi zambiri kuno, muuzeni m'chinenero chathu kuti mwaphika, achimwene, kapena twalumba, ndipo mufunseni ngati mawa kudzakhale nyemba.